Tadala wapeza mng'ono wake, ndipo dzina tamutcha dzulo

Mchombo unagwa Lachiwiri, ndiye dzulo m'mamawa amayi anga ndi azakhali anatitulutsa m'chikuta. Kunja kunali chifunga chathu cha ku Lizulu chija, chobisa ngakhale milu ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Mwana tinamufunditsa mashawelo awiri, anamumeta tsitsi lobadwa nalo, kenako tinakhala pamphasa kuti tikambe nkhani imene yadzaza foni yanga sabata yonseyi, nkhani ya dzina.

Woyamba wathu ndi Tadala. Tinamudikira zaka zinayi, ndipo amene munadutsamo mukudziwa mmene anthu amayang'anira mimba ya mkazi wokwatiwa mwezi ndi mwezi. Atabadwa palibe anavutika kuganiza, dzina linangotuluka lokha pakamwa pa bambo ake. Tsopano wabwera mnzake, wamkazinso, ndipo amayi anga analuluta kuti mbumba yakula.

Anzanga a pa WhatsApp, zikomo kwambiri, mayina munatumiza ndawerenga onse. Tamanda, Takondwa, Talandira, Tayamika. Ambiri munati akhale oyamba ndi Ta kuti azimveka kuti ndi a bere limodzi. Ndi mayina okoma, sindikunyoza ngakhale limodzi. Koma mtima wanga unakana, ndipo ndikufuna ndinene chifukwa chake.

Ine ndinabadwa wachiwiri. Dzina langa ndi la akulu anga amasiyana pothera pokha. Kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kumaliro kumudzi, ndinkaitanidwa dzina lawo, ndipo ndikakonza ankangoti, "Aa, ndi chimodzimodzi." Sichinali chimodzimodzi. Akulu anga ndimawakonda kwambiri, koma ndinakula ndikumva ngati dzina langa ndi chotsalira cha lawo, ngati chigamba chodula pa chitenje chimene wina wasoketsa kale. Mwana wamng'ono sanena zimenezi, amangosunga.

Ndiye kwa ine kugwirizana kwa mayina a ana si kumveka mofanana m'khutu. Kugwirizana ndi pamene dzina la wamng'ono likuyankha la wamkulu. Makolo athu ankatcha ana potengera zimene zagwa pakhomo, n'chifukwa chake ukamva mayina a ana a nyumba imodzi motsatizana umadziwa mbiri ya banjalo. Apa panali Mavuto, apa Chiyembekezo, apa Madalitso. Pamenepo pokha ndimasiyana nawo pang'ono akuluakulu, poti sindingasenzetse mwana dzina la madandaulo anga. Mkangano wa akulu umatha, koma Masautso amakalamba nalo dzina lake.

Komanso masiku ano dzina si la pakhonde pokha. Kuyambira 2015 mwana aliyense amayenera kulembetsedwa ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa nzika, ndipo dzina limene lalowa pa chiphaso cha kubadwa ndi lomwelo limene lidzamutsatire ku mayeso a MANEB mpaka pa chiphaso cha unzika akadzakwana zaka 16. Sindikanafuna kulisankha chifukwa choti likukoma pa keke ya tsiku lobadwa.

Amene anamasula mfundoyi ndi agogo a bambo a ana, amene anabwera ndi basiketi ya ufa ndi nkhuku yomanga miyendo. Ndi gogo wachingoni weniweni, wosaphonya Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni, ku Nkolimbo, kumene kunagona Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Chingoni kuno ku Ntcheu chinatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu ochepa ngati Bayethe, enafe timangoimba osadziwa tanthauzo. Koma iwo mawu ena akadali nawo. Anamunyamula mwanayo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa.

"Amake Tadala, wamkuluyu mwati munadala. Nanga munthu akadala amatani?"

Ndinati, "Amathokoza, agogo."

"Basi, ameneyu ndi Sibongile. Kwathu ndiye kuti tathokoza."

Ndinalira pomwepo. Tadala ndi Sibongile. M'khutu safanana ngakhale pang'ono, wina Chichewa wina Chingoni, palibe mphunzitsi adzawasokoneze. Koma mukawatchula motsatizana akunena chinthu chimodzi chathunthu: tadala, tathokoza. Aliyense ali ndi lake, ndipo lililonse likufuna linzake. Chinanso chimene chandikhudza ndi chakuti mwana wanga wanyamula mawu a chinenero chimene chikutha pakamwa pathu, ndipo adzafunsa tanthauzo lake, tidzamuuza.

Ndikudziwa kuti ena a inu muli ndi Chisomo ndi Chifundo, kapena Mphatso ndi Madalitso, ndipo ana anuwo akusangalala nawo mayina awo. Sindikuti munalakwa. Ndikungopempha amene muli oyembekezera wachiwiri kuti musanasankhe, mumuganizire yekha kaye mwanayo, ngati kuti mkulu wake kulibe, kenako muone ngati dzinalo likuyankhula ndi la mnzakeyo.

Usiku Tadala anakana kukagona. Anakhala pafupi ndi mbaula, chala chake chili m'kadzanja ka mng'ono wake, akuyeserera kutchula dzinalo. Sibongile likumukanika, akuthera pa Sibo. Lolemba ndikupita ndi khandali kusikelo, akalilembe lonse m'kabuku kake.