Za sayilensa ya galimoto zandikwana

Abale, kusankha sayilensa yatsopano, ija yochepetsa phokoso pa paipi yotulutsa utsi, kukuvutiranji chonchi? Yanga yomwe inabwera ndi galimoto inabooka ndi dzimbiri, ndiye ndapita kukasaka ina ogulitsa kumangoti "bwana iyi imakwana galimoto iliyonse". Bodza lenileni! Paipi yanga ndi ya mainchesi 2, iwo anandipatsa ya 2.5, mpaka makaniko anachita kuwotcherera kachidutswa kuti zilumikizane, ndipo timphira tokolekera tija sitinagwirizane ndi malo ake, pano ikumagunda kunsi ndikangokwera bampu.

Koma chikundiwawa kwambiri ndi phokoso. Palibe anandiuza kuti ndi ija utsi umangodutsa mowongoka, yopanda tizipinda tophwanya phokoso mkati. Galimoto itaima imamveka bwino ndithu, koma ukalowa msewu wautali injini ili cha pa 2,000 rpm (ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi) mkati monse mumangoti wuuuu, mutu kuwawa, mwana kumbuyoko osagona, kuti ucheze ndi mnzako mpaka uchite kukuwa. Ogulitsa aja ankati imawonjezera mphamvu, ine sindinamve kusintha kulikonse.

Komanso si stainless, chitsulo chija chosachita dzimbiri msanga, ndi chitsulo wamba, pomwe ine ndimayenda timaulendo tifupitifupi, madzi samauma mkatimo. Iyinso ibooka posachedwa basi.