Malungo akapanda kupezeka basi ndi amoxicillin?

Ndiyankhuleko za maantibayotiki, ena mundinena koma palibe kanthu. Pa wailesi amangodzudzula ife odwala kuti sitimaliza mankhwala, timagula makapisozi pa golosale, eya nzoona timaterodi, koma nanga wogwira cholembera uja bwanji sitimamukamba?

Mwezi wa June, mukudziwa mmene Zomba imazizirira mphepo ikamatsika m'phirimu, mwana wanga wa zaka zitatu anadwala chimfine, mamina chuchuchu, kutsokomola, thupi kutentha pang'ono. Ndinapita naye pa kapulaiveti kena, dzina sinditchula. Anamubaya chala, malungo sanapezeke. Adokotala sanadzuke n'komwe pampando, choyezera pachifuwa chili lende m'khosi ngati mkanda, anangolemba sepsis (ati tizilombo talowa m'magazi) m'kabuku kenako antibayotiki wa amoxicillin, mphindi zitatu zosakwana tatuluka. Ndipo ine ndinatuluka wosangalala, ndisaname.

Patapita masabata angapo wadwalanso chimodzimodzi, ulendo uno tinapita kwina ndi apongozi anga. Tinapeza bambo wachikulire, clinical officer. Anamuvula mwana juzi, diso pa wotchi, kuwerenga kapumidwe mphindi yathunthu, kumvetsera pachifuwa, kusuzumira kukhosi. Akuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi m'pamene amaganizira chibayo, uyu ayi, ndi chimfine cha vairasi ndipo antibayotiki sapha vairasi. Panado, zakumwa zambiri, ndipo mukaona akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati kapena akukana kudya mubwere naye msanga ngakhale usiku. Apongozi anadandaula njira yonse mpaka ku Chinamwali, "dokotala wanji ameneyu, transipoti yathera panado?"

Mwana mmodzi, matenda ofanana, madokotala awiri. Kusiyana kwake kunali m'mutu mwa adokotala basi. Onse anaphunzira kuti chimfine sichifuna antibayotiki, buku la Malawi Standard Treatment Guidelines liliponso, ndiye sindikhulupirira kuti vuto ndi umbuli wokha. Wina amaopa kuti ndikamubweza chimanjamanja mawa akafika potupa adzati ndine. Wina panja pali mzere wa anthu kuyambira mbandakucha, kufotokoza kumadya nthawi pomwe kulemba amoxicillin ndi kamphindi. Labu yoti iwonetse kuti ndi bakiteriya uti sipezeka paliponse ndiye amangoponya mwala kuphanga. Ku pulaiveti nakonso tisabise, mankhwala ndi bizinesi, ndipo kasitomala wopatsidwa panado yekha sabweranso. Enanso ndi chizolowezi chabe, anaona akuluakulu awo akulemba choncho ali pa intenishipu.

Chondiopsa ndi jakisoni uja wa ceftriaxone amene anthu timamutama kuti ndi wamphamvu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linagawa maantibayotiki m'magulu atatu, Access, Watch ndi Reserve, ndipo ceftriaxone ali mu Watch, kutanthauza kuti sayenera kumangobayidwa mwachisawawa chifukwa tizilombo timamuzolowera msanga. Ku Queens ku Blantyre akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998 ndipo aona mabakiteriya osamva mankhwala akuchulukirachulukira. Padziko lonse mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya oterewa, ndipo kuno ku Africa kumwera kwa Sahara n'kumene zinavuta kwambiri. Olemera adzathawira kunja kukapeza mankhwala odula, ife a ku Mpondabwino ndi ku Sadzi tidzalowera kuti?

Sindikuti antibayotiki ndi woipa ayi, chibayo chenicheni popanda iyeyo chimatenga mwana. Koma adokotala athu, dzukaniko pampandopo, mugwireni mwanayo, ndipo ngati safunika mankhwala tiuzeni chifukwa chake m'Chichewa chomveka, tikwiya inde koma timva.

Mwana anachira patatha masiku asanu. Apongozi mpaka lero bambo aja amawatchula kuti dokotala wa panado, ndipo akuti iwo akadzadwala tisadzawapititse kumeneko.