Ku Lusaka mwana wa pool amamugulira choko, kwathu amamuthyolera mkwapulo

Ndakhala muno mu Lusaka zaka zinayi koma zomwe ndaona ku Mtendere sabata yathayi zandiwawa, osati kuti a Zambia andilakwira ayi, zangondikumbutsa kwathu ku Kawale basi.

Pali kamnyamata ka aneba athu, zaka 15, kowonda ngati bango. Kamasewera pool pa tebulo lili pakhonde la shopu pafupi ndi pometera tsitsi. Ine pajatu ndimadzimva, ndinakulira pa matebulo a ku Biwi, ndiye ndinati ndikaphunzitse mwambo. Ndinaika tokeni, kuswa mipira, palibe unalowa, ndipo ndodo sindinaigwiritsenso. Kanangopaka choko mwakachetechete nkuyamba kusesa, mpira woyera ukukaima pomwe kakufuna ngati waumangirira ulusi, mpaka wakuda phoo. Kenako akuti "ba uncle musakalipe, ikani ina futi." Ndinaika atatu ena, onse anapita.

Kuluza ndinazolowera. Chomwe chandipweteka nchoti bambo ake anali pomwepo, atakhala pa kireti akuwomba m'manja. Bambo ake omubereka! Ndipo ndinamva kuti Lamulungu lililonse iwo, mwini shopu ndi wometa uja amasonkha ya minibasi kuti mwanayo apite kukalabu ina kutauni komwe kuli tebulo lenileni la snooker. Choko amachita kumugulira chakechake, chimakhala m'thumba la kabudula.

Ine tsiku lomwe malume anandipeza pa tebulo ndili Fomu 2 anandikoka khutu kuchokera pamsika mpaka kunyumba, anthu akuonerera, akuti ukufuna udzakhale chidakwa eti. Ndipo sindingawadzudzule kwenikweni chifukwa kwathu tebulo limakhala mkati mwa bala, kumdima, nsalu yake yong'ambika, mwendo umodzi atautchinjiriza ndi chikatoni cha Chibuku, ndiye mayi wake uti angalole mwana kulowa mmenemo. Kwa ife pool ndi mowa, pool ndi juga, mwana wogwira ndodo ndi wolowerera, nkhani yathera pomwepo. Mpira wamiyendo timaulemekeza, netibo timainyadira chifukwa cha ma Queens, koma wa ndodo palibe amamufunsa kuti mwanawe ukufuna udzafike pati.

Ndiye Lamulungu ndinawatsatira. Anzanga, snooker si pool yaikulu monga timanenera. Tebulo lake ndi mafiti 12 mulitali, 6 mulifupi, ukaima uku bowo la uko umachita kulisuzumira, ndipo mabowowo ndi opapatiza, akalavula mpira amalavuladi. Mipira ndi 22: ofiira 15, amitundu 6 ndi woyera. Ukalowetsa wofiira ndi poyinti imodzi, kenako usankhe wamtundu, wakuda ndi 7, ndipo wamtunduyo amaubwezera pamalo pake mpaka ofiira atathe. Ukamenya wofiira ndi wakuda mosalekeza nkumalizira amitundu onse osaphonya ndiye 147 imene mumaimva ija. Kamnyamata kaja kotisesa ku Mtendere apa kanaoneka kamwanadi, kumachita kunyanyamphira ndi zala za kuphazi, kuphonya, kuluma mlomo, mdala wina wa imvi akukakonza chigongono osalankhula zambiri. Kanafika mapoyinti 31 osaphonya kamodzi, bambo ake kusangalala ngati kakhoza mayeso.

Pobwerera ndi pomwe kanandiuza za Stan Moody wa ku England, kamamuonera pa YouTube pa foni ya bambo ake. Moody anapambana mpikisano wa achinyamata wa WSF, bungwe la snooker la dziko lonse, mu 2023 ali ndi zaka 16, nkupatsidwa khadi losewerera ndi akatswiri a ndalama kwa zaka ziwiri. Ronnie O'Sullivan, katswiri wotchuka wa snooker wa ku England, nayenso analowa m'gulu la akatswiriwo mu 1992 ali ndi zaka 16 zomwezo. Kakuti "nine wotsatira ba uncle." Ndinangoti chabwino.

Apa ndiye ndivomereze, msewuwo ndi wautali kwa tonse, Zambia ndi Malawi yemwe. Khadi ukalipeza si kuti wafika, pakutha pa zaka ziwiri ukapanda kukwera mokwanira, makamaka kulowa mwa 64 apamwamba, kawirikawiri umabwerera kukalimbirana malo ku Q School, mpikisano wopezera khadi lija. Mipikisano yambiri ili ku UK ndi ku China, tikiti ndi malo ogona zako. Mwayi wa khadi umene umaperekedwa ku Africa nawo amatenga ndi a kumpoto, Amine Amiri wa ku Morocco mu 2019, Mostafa Dorgham wa ku Egypt mu 2023. Kuno kummwera tingoloza Perrie Mans wa ku South Africa amene anafika mu fainolo ya dziko lonse ku holo ya Crucible ku England mu 1978, ambirife tisanabadwe nkomwe. Ndipo Lusaka si kumwamba, pa matebulo a m'makomboni ndalama zimabetchedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ana ena amajomba kusukulu chifukwa cha zomwezi, magetsi nawo mukuwadziwa, gemu ili mkati mumangomva aaah mdima bii. Manja okha ndiye musatinamize, ku Ndirande kuli anyamata omenya ndi ndodo yokhota ngati mpini koma sakuphonya, mutawabweretsa kuno ena a ku Matero angasiye tokeni zonse.

Koma anyamata amenewo anaphunzira mobisala, akuyang'ana kukhomo kuopa malume, ndipo ambiri pofika zaka 25 luso lonse lathera kusewerera botolo. Uyu akuphunzira bambo ake atanyamula ndodo yake mu minibasi, ataikulunga m'chitenje kuti isakhote.

Madzulo ndinawaimbira malume aja, akalamba tsopano, ndinawafotokozera zonse mpaka za Moody. Anakhala chete kenako akuti, "Nanga sukulu akupita?" Ndinati akupita, ali Giredi 10. Akuti, "Ayi ndiye bola." Lamulungu likubwerali ya minibasi ndapereka ine, ndipo wometa uja akundiseka kuti ba Malawi naimwe mwalowa mu komiti.