Pa crossbow ine ndimaika nsonga ya 125 grain

Nyengo yosaka agwape ikayandikira kuno ku Ohio, ku America, m'masitolo a alenje mumadzaza nsonga za mivi za 100 grain (grain ndi muyeso wa kulemera), ndipo anthu amangotola zomwezo ngati ndi lamulo. Chonsecho lamulo la boma lino limangoti nsonga ikhale ndi mbali zakuthwa zosachepera ziwiri, m'lifupi isachepere 3/4 ya inchi. Za kulemera silinena kanthu. Ine ndimasankha ya 125 pa crossbow, uta wogwira ngati mfuti.

Pa sikelo kusiyana kwake n'kochepa: ya 100 grain ndi magalamu pafupifupi 6.5, ya 125 ndi 8.1. Koma kulemerako kumakhala kumutu kwenikweni, ndipo muvi wa crossbow ndi waufupi, mainchi 20 kapena 22 basi. Ukalemera kutsogolo umauluka mosagwedera, ndipo ukagunda nthiti umabowola n'kupitirira m'malo mopatuka. Ed Ashby, amene anayesa mivi pa nyama zakutchire ku Natal, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti muvi wolemera ndi umene umaswa fupa. Amene anatsatapo madontho a magazi ndi tochi usiku, gwape atathawa ndi muvi wolowa theka, safuna kumva zambiri.

Anzanga amakakamira liwiro. Makampani a Ravin ndi TenPoint akutsatsa mauta oponya mafiti 400 mpaka 500 pa sekondi, ndiye munthu amaona ngati akabweza pang'ono waluza ndalama zake. Aaa, nanga gwape amawerenga manambala a pakatoni? Ambiri timawalasa pa mayadi 20 kapena 30, ndipo pamtunda umenewo muvi wolemerako sutsika kwenikweni. Komanso umachepetsa phokoso la nsinga, lomwe limachititsa gwape kunyutuka muvi n'kudutsa pamwamba pa msana.

Musangosintha nsonga n'kulowa m'tchire ayi. Mizere ya mu scope, kagalasi koyang'aniramo polasa, inakonzedwa potengera liwiro la muvi, ndiye yeserani kaye ndi nsonga zophunzirira zolemera chimodzimodzi, kenako muponyeko yakuthwayo kuti muone ngati ikugwa pamalo omwewo. Onaninso m'kabuku ka uta wanu kulemera kochepetsetsa kwa muvi wonse kumene kampani imalola, chifukwa muvi wopepuka kwambiri umawononga uta. Ya 150 ndimaisiyira amene akupita kukasaka elk, agwape akuluakulu, ku Wyoming.