Maganizo anga pa mgwirizano wa Malawi ndi South Africa wobwezerana oganiziridwa milandu

Nkhani ya a Shepherd Bushiri ndi akazi awo a Mary yakhala ikukambidwa ngati ya mpingo kapena ya ndale, koma kwa ine ikuonetsa mmene mgwirizano wa maboma awiri pa zachitetezo umayendera ukachoka pa pepala n'kukalowa m'bwalo la milandu. Awiriwa anamangidwa ku South Africa mu Okutobala 2020 powaganizira milandu ya chinyengo ndi kuzembetsa ndalama zokwana marandi 102 miliyoni, anatulutsidwa pa belo, ndipo mu Novembala anatulukira kuno kumudzi, n'kunena kuti moyo wawo unali pa chiswe komanso kuti kumeneko sakanaweruzidwa mwachilungamo. Zoti ndi olakwa kapena ayi ndazisiya m'manja mwa makhothi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Boma la South Africa linapempha kuti awiriwa abwezedwe chakumapeto kwa 2020, khothi la majisitireti ku Lilongwe linadzavomereza pempholo mu Malichi 2025, kenako mu Okutobala chaka chomwecho khothi lalikulu linathetsa chigamulocho. Mkati mwa zaka zimenezi, miyezi yambiri inathera pa funso limodzi lokha, loti kodi mboni za ku South Africa zibwere ku Lilongwe kudzaima pamaso pa majisitireti, kapena zipereke umboni wawo zili kwawo komweko. Funso lotere silinayenere kudikira mlandu wotchuka kuti lipeze yankho. Pangano la SADC lobwezerana oganiziridwa milandu linasainidwa ku Luanda mu 2002, koma majisitireti sagamula potengera chithunzi cha nduna zikugwirana chanza. Iye amatsegula lamulo la dziko lino, amayang'ana ngati zikalata zinalumbiriridwa moyenera, ndipo amafunsa ngati woimbidwa mlandu wapatsidwa mpata woyankha. Amene akudandaula kuti makhothi athu achedwetsa zinthu akuiwala kuti ndondomeko yomweyi ndi imene ingateteze Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, tsiku limene boma lathu lidzapemphe kuti abwezedwe.

Ena, pofuna kuonetsa kuti kubweza munthu kungachitike msanga, amapereka chitsanzo cha Lu Ke, mzika ya dziko la China imene inkajambula ana kwa Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza. Iyeyu anagwidwa ku Chipata mu Juni 2022, ndipo pofika Julaye anali atafika kale m'manja mwa apolisi athu. N'zoona kuti akuluakulu a zachitetezo a Malawi ndi a Zambia anagwira ntchito yotamandika, koma munthuyo anali mlendo mu Zambia, sanali mzika yofunidwa ndi dziko lina ili kwawo, choncho nkhani ziwirizi sizifanana.

Kumene ndikuona kuti tidzavutika kwambiri ndi ku milandu ya pa intaneti. Mu Epulo 2024 akuluakulu a zachitetezo ku Lusaka anagwira anthu 77 pa kampani ina imene inkabera anthu kudzera pa foni ndi pa intaneti, ndipo anapeza masimu khadi oposa 13,000, pamene oberedwawo ena anali kutali monga ku Singapore ndi ku Peru. Pa mlandu wotere umboni umakhala mu kompyuta ya kampani ya dziko lina, ndipo munthu akhoza kuufufuta usiku umodzi. Lamulo lathu la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti silipatsa apolisi athu mphamvu yokatenga okha umboni kunja kwa malire a Malawi. Ngati kugwirizana za kumene mboni ziime kunatenga miyezi yambirimbiri, wapolisi wa ku Area 30 adzadikira nthawi yaitali bwanji kuti alandire mbiri ya nambala ya foni ya ku Durban?

N'chifukwa chake ndikupempha unduna wa zachilungamo ndi wa zachitetezo cha m'dziko kuti akadzakumananso ndi anzawo a ku Pretoria, alembe momveka bwino ofesi yolandira mapempho mbali iliyonse, masiku amene pempho losunga umboni wa mu kompyuta liyenera kuyankhidwa, ndi njira imene umboni woperekedwa pa kanema ungavomerezedwere m'makhothi a mayiko onse awiri. Zimene adzagwirizanezo azitengere ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu aziunike asanazivomereze.