Siyani kaye ma antibody, yambani ndi munga

Ana amene mukukonzekera mayeso a biology, mutu wa chitetezo cha thupi mumauwerenga chobwerera. Aliyense amathamangira ma antibody (mapuloteni olimbana ndi kachilombo ka mtundu umodzi) ndi ma lymphocyte (mtundu wa maselo oyera a magazi) poti mawuwo amamveka achidokotala. Chitetezo chosasankha mdani, chija chimalimbana ndi kachilombo kalikonse kamene kabwera, mumangochidumpha ati ndi zophweka. Malikisi amathothokera pamenepo.

Dzulo ndimaona kope la mphwanga. Funso likuti fotokozani mmene khungu limatetezera thupi. Iye walemba kuti khungu limateteza thupi ku tizilombo. Basi. Wangombwezera wochonga funso lake lomwe! Wochongayo akufuna kumva kuti maselo a pamwamba pa khungu ndi akufa, olimba ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo tizilombo timalephera kuboola. Kuti mafuta a sebum amathandiza khungu kukhala la asidi pang'ono. Chimodzimodzi m'mimba: osangoti muli asidi, nenani kuti ndi hydrochloric acid, pH yake pafupifupi 2, ndipo amapha mabakiteriya ambiri obwera ndi chakudya. M'misozi ndi m'malovu muli lysozyme, imene imaswa khoma la bakiteriya. Alexander Fleming anailengeza mu 1922, asanapeze penicillin mu 1928. Mamina amakola fumbi ndi tizilombo, ma cilia, timaubweya ta m'njira ya mpweya, n'kumazikankhira kukhosi kuti zimezedwe.

Ine ndimati musaloweze mndandanda. Ganizirani kuti mwabayidwa ndi munga pachala, ndiye tsatani zochitika. Magazi atuluka. Ma platelet, tizidutswa ta maselo tothandiza magazi kuundana, aunjikana pabalapo, puloteni ya m'magazi yotchedwa fibrinogen yasanduka ulusi wa fibrin, ulusiwo wakola maselo a magazi, nkhanambo yatseka khomo. Mawa lake chala chafiira, chatentha, chatupa, chikupweteka. Apa maselo otchedwa ma mast cell atulutsa mankhwala otchedwa histamine, timitsempha tamagazi tatambasuka, magazi achuluka pamalopo, madzi akudutsa m'makoma a timitsemphato. Ndi njira imeneyi ma phagocyte, maselo oyera a magazi odya tizilombo, amafikira pabala. Phagocyte imazinga bakiteriya, kuimeza, kenako ma enzyme a mu lysosome, kathumba ka m'kati mwa selo, n'kuigaya. Mafinya amene mumanyansidwa nawo aja, ambiri mwa iwo ndi ma neutrophil, mtundu wina wa ma phagocyte, amene afera pantchito. Nkhani imodzi yokhayi yakupatsani mayankho a mafunso atatu kapena anayi.

Za mungazi sindinazipeke ndekha. Mu 1882 ku Messina, ku Italy, wasayansi Élie Metchnikoff anabaya kamwana ka starfish, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi, ndi minga ya duwa la rozi. Kamwanako thupi lake limaonekera mkati, ndipo m'mawa mwake anaona maselo atazungulira mungawo. Mu 1908 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Ehrlich. Munthu wamkulu anayambira pa munga, inu mukuchita nawo manyazi chifukwa chiyani?

Cholakwa china chimene chimandiwawa mtima: kulemba kuti ma phagocyte amapanga ma antibody. Ayi ndithu. Phagocyte imadya, siifunsa dzina la mdani. Ma antibody amachokera ku ma B lymphocyte, ndipo pa matenda oyamba amatenga masiku angapo kuti achuluke. Masiku onsewo, amene akukugwirirani thupi ndi omwe mukuwadumphawa.

Mphwanga uja ndamuuza alembenso funso la khungu, chiganizo chilichonse chikhale ndi mawu akuti "chifukwa". Wandiyang'ana ndi diso loipa, koma akulemba.