Ng'ombe ya TiVo ndi milandu ya ma patent ku America

Ku Texas kuli katauni kotchedwa Marshall, ka anthu ongopitirira pang'ono 20,000. Mu 2006 kampani ya TiVo, yopanga makina ojambulira mapologalamu a pa TV, inagula ng'ombe yomwe inapambana pa chionetsero cha alimi kumeneko, pa mtengo wa madola 10,000, n'kuipatsa dzina loti TiVo. Chaka chomwecho kampaniyi inali pa mlandu wa patent ndi kampani ina ya za TV yotchedwa EchoStar m'khoti la m'tauni momwemo, ndipo inawina madola pafupifupi 74 miliyoni. Samsung nayo kwa zaka zingapo inkalipirira bwalo losewererapo pa madzi oundana pakati pa tauniyi, chapafupi ndi khoti. Sindikuti anagula chilungamo ayi. Koma dziwani kuti ku America milandu yotere amagamula ndi anthu wamba a m'deralo, omwe amawatcha jury. Zinazo lingalirani nokha.

Patent ndi chikalata cha boma chonena kuti luso ili unatulukira ndiwe, ndipo kwa zaka 20 wina asaligwiritse ntchito usanamulole. Ganizo lake ndi labwino, wokhetsa thukuta adyepo. Koma kunabadwa makampani osapanga kanthu, ngakhale bawuti. Ntchito yawo n'kugula ma patent akale, olembedwa mwachimbulimbuli, kenako n'kumasaka woti amusumire. Kumeneko amawatcha ma patent troll. Kwathu kuno tikanangoti okolola posalima.

Taganizani muli ndi kaofesi ka anthu khumi. M'mawa wina kwabwera kalata: makina anu aja ojambulira mapepala, mukajambula n'kutumiza pa imelo, mukugwiritsa ntchito luso lathu, ndiye lipirani madola pafupifupi 1,000 pa wantchito aliyense. Izi si nthano, kampani ya MPHJ inatumizadi makalata otere kwa mabizinesi ang'onoang'ono ambirimbiri, mpaka boma la Vermont linaisumira mu 2013. Mukathamangira kwa loya akuuzani zoona: mlanduwu mukhoza kuwina, koma ndalama zolimbana nawo n'zochuluka kuposa zomwe akukupemphanizo. Ndiye mumangolipira, mtima ukuwawa. Bizinesi yonse ya ma troll yagona pamenepa. Safuna kupambana m'khoti, amangofuna kuti inu muwerengetsere n'kugwa mphwayi.

Akuluakulu nawo analawa. Mu 2006 kampani yopanga mafoni a BlackBerry inalipira NTP, kampani yomwe inaisumira pa nkhani ya ma patent, madola 612.5 miliyoni poopa kuti khoti litseka ntchito za mafoni ake m'dziko lonse la America.

Boma silinangokhala. Mu 2011 pulezidenti Obama anasainira lamulo la America Invents Act, lomwe linatsegula njira yotsikirako mtengo yokatsutsira patent ku ofesi yomwe inaipereka. Njira imeneyi ndi yomwe bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la EFF linadzera pogwetsa patent ya Personal Audio mu 2015, kampani yomwe inkati ma podcast, mapologalamu omvera pa intaneti, ndi luso lake. Mu 2014, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, khoti lalikulu linagamula kuti kutenga ganizo wamba n'kungowonjezerapo mawu oti "pa kompyuta" si kutulukira luso. Mu 2017, pa mlandu wa TC Heartland, linati kampani isamasumiridwe paliponse pomwe wodandaula wakonda, koma komwe inalembetsedwa kapena komwe ili ndi malo ake enieni ochitira bizinesi. Panthawiyo woweruza mmodzi wa ku Marshall, Rodney Gilstrap, ankalandira pafupifupi mlandu umodzi mwa inayi iliyonse ya ma patent m'dziko lonselo. Munthu mmodzi!

Maganizo anga ndi awa: zonsezi n'kukolopa m'nyumba denga likudonthabe. Podonthapo ndi ku ofesi yopereka ma patent, USPTO. Ofesiyi imayenda ndi ndalama zomwe opempha ma patent amalipira, ndipo wounika pempho amakhala ndi maola ochepa chabe oti awerenge chikalata cholembedwa ndi maloya odziwa kubisa mawu. Patent yabodza ikangodutsa pamenepo, kuifafaniza kumadya zaka ndi chuma. Ya Personal Audio ija inagwa mu 2015, koma kukokanakokana kunatha mu 2018. Bwanji osalemba ounika ambiri, kuwapatsa nthawi yokwanira, n'kulamula kuti wopempha afotokoze mwachimvekere momwe chinthu chakecho chimagwirira ntchito, osati kungotchula zomwe akulota?

Ndikudziwa ena anena kuti kusintha malamuloku kwapweteka wotulukira luso wamng'ono, chifukwa makampani akuluakulu amatha kumutsutsa patent yake kambirimbiri mpaka thumba liume. Apa sindikutsutsa, zimachitikadi. Koma wamng'onoyo amatetezedwa ndi patent yomveka, yovuta kugwetsa, osati ndi khoti la kumudzi komwe mnzake angathe kukagula ng'ombe.

Nanga za malo osumira zija zinathera pati? Mu 2019 Apple inatseka masitolo ake awiri ku Plano ndi Frisco, omwe anali m'chigawo cha khoti la Marshall, n'kutsegula ina ku Dallas, kunja kwa malire. Maloya nawo anangosamukira ku Waco, ku Texas komweko, kwa woweruza Alan Albright, mpaka mu July 2022 pomwe kunatuluka lamulo loti milandu ya ku Waco izigawidwa mwa maere kwa oweruza angapo. Posakhalitsa milandu ija inayambanso kukhamukira ku Marshall.